Batire lotupa

Zelesi anabadwira ku Kaomba, m'boma la Kasungu, m'banja lolima fodya pa munda wa eni. Sukulu anailekeza fomu thuu. Mlamu wake, amene ankakonza mafoni ku Lilongwe, anamutenga kuti azikamugulitsira machaja, koma maso a Zelesi ankangokhala pa tebulo lokonzera. Anaphunzira poyang'ana, kenako pogwira. Atabwerera ku Kasungu anatsegula kashopu kake kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wometa tsitsi.

Ntchito inkabwera ndi aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi. Malaputopu awo ambiri anali a kaunjika, otopa kale asanafike kuno. Zelesi sankathamangira kumasula. Ankayamba wafunsa kuti yazima bwanji, mumatchajira chiyani, inagwapo kapena ayi. Kenako ankayeza chaja, n'kutchera khutu kuti amve ngati fani ikuzungulira. Akatsegula ankapezamo fumbi lofiira, nyerere, mwinanso mphemvu youma itamatirira pa bodi.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatsika pa kabaza mayi wina dzina lake Feliya, wogwira ntchito za umoyo m'midzi ya ku Chisemphere. Laputopu anaikulunga m'chitenje.

"Achemwali, ndithandizeni. Ikungotentha n'kuzima yokha. Mawa m'mawa abwana akuifuna, ndi ya kuntchito."

Zelesi anaigoneka pa tebulo ndipo anaona kuti siikukhazikika bwino, pansi pake pafufuma. Atamasula chivundikiro anapukusa mutu.

"Batire latupa ili, amayi. Mumatchajira pati?"

"Pa sola ya neba. Chaja yake inatayika, ndinagula ina pamsika."

"Ndi chimenecho. Batire lotere ndi loopsa. Kuno latsopano kulibe, mpaka ndiitanitse ku Lilongwe."

"Mungolichotsa basi, ndizigwiritsa ntchito pa magetsi. Chonde, angandichotse ntchito."

Zelesi anazengereza. Amene anaikonzapo kale anali atamata batirelo ndi guluu, ndipo kachipangizo ka pulasitiki kotukulira kanali katathyoka. Anayang'ana nkhope ya Feliya, thukuta lili kamukamu, n'kutenga sikuludiraiva. Anatukula pang'onopang'ono mbali imodzi. Mbali inayo chitsulocho chinaterereka n'kuboola batirelo.

Kunamveka kuti tsii, kenako utsi woyera wonunkha. Moto unabuka. Pa shelefu pamwamba pa tebulo panali malaputopu a anthu, ndipo khoma la matabwa linali logundizana ndi nsalu za telala. Zelesi sanaganize zambiri. Ananyamula laputopuyo ndi manja awiri n'kuthamangira nayo panja. Pulasitiki yosungunuka inamumata m'zala, moti poitaya pa fumbi inachoka ndi khungu.

Kuchipatala anakhalako nthawi yaitali. Mayi ake anabwera kudzamudikirira, akumudyetsa ndi kumusambitsa ngati khanda. Mabala anapola, koma zala za dzanja lamanja zinauma zitapindika, ndipo nsonga zake sizinkamvanso kanthu.

Mvula itayamba anatsegulanso shopu. Mphunzitsi wina, a Ernest, kasitomala wake wakale, anabweretsa laputopu yosawala sikirini. Zelesi anaunikira ndi tochi pa galasi n'kuona zithunzi zikuoneka mwa chizimezime. Anadziwiratu kuti vuto ndi kachingwe kolowa m'sikirini, ntchito yomwe kale ankaimaliza munthu ali chiimire. Anagwira sikuludiraiva, inagwa. Anaitola, naigwira ndi dzanja lamanzere. Kasikuluwu koyamba kanamasuka, kachiwiri kanadyeka mutu. A Ernest anayang'ana kumbali.

"Musadzivute, mayi. Ndibwera tsiku lina."

"Ayi aphunzitsi, musabwerenso. Pitani nayo kwa Yobu wa kudepoti, mukamuuze kuti asinthe chingwe cha sikirini. Asakakunamizeni kuti bodi yapsa."

Mwezi womwewo anabweza malaputopu onse kwa eni ake, zipangizo n'kumusiyira Yobu uja. M'shopumo tsopano mukugulitsidwa mbewu ndi mankhwala a m'munda.

Zelesi ali kwawo ku Kaomba. Nyengo yothyola fodya anayesa kukhala nawo pansi pa chigafa kuti azisoka masamba, koma singano inkamupulumuka. Bambo ake, a Cosmas, anamuuza kuti azingonyamula masamba kuchokera kumunda, poti ntchito imeneyo imafuna mikono, osati zala. Amanyamula osadandaula, ndipo salankhula kwambiri.

Feliya ntchito sanamuchotse. Anapita kukamuona Zelesi kamodzi, atatenga shuga ndi sopo. Anakhala pa mkeka, nakambirana za mvula, za matenda a ana, za njovu zomwe zinathyola mpanda n'kudya chimanga ku Chisemphere. Potsanzikana Feliya anatambasula dzanja kuti apereke moni, kenako anakumbukira za zala za Zelesi, nalibweza msanga. Zelesi anamuperekeza mpaka pa msewu, n'kubwerera kumunda.