Chitseko Chimene Atate Sanamalize

Atate anga, a Josiah Sakala, anakonza njinga zaka zoposa makumi atatu pansi pa mtengo wa mango, pamphambano yopatukila ku Minga. Zida zawo zinali zochepa: masipanala, pampu, guluu wa zigamba ndi nyundo. Chimene anthu ankatsata kuchokela kutali, ena mpaka ku Mwape, chinali diso lawo. Wilo likapindika, ankagadamitsa njinga, kulizunguza, n'kutsinzina diso lakumanja. Lakumanzele ndilo linkaona pamene wilo likuvina. Akamanga sipoko iyi, kumasula iyo, njinga inkayenda ngati yangotuluka m'sitolo.

Anali munthu wosakhulupilila chinthu chimene sangathe kuchitsegula. Wailesi yathu anaimasula kangapo ngakhale inalibe vuto. Foni imene mlongo wanga anawatumizila anangoipeleka kwa amai. "Chinthu chopanda nati ine sindichidziwa mtima wake," ankatelo.

Ine ndine Jennifer, mwana wawo wachitatu. Sukulu ndinalekela giledi seveni. Nditakwatiwa, amuna anga a Luckson anamanga nyumba pamalo pa makolo anga monga timachitila kuno. Mwana wathu Tisunge ali ndi miyezi iwili, iwo anapita kukagwila ntchito m'mafamu a ku Mkushi, ine n'kutsala ndi khanda. Tsiku lina atate anabwela kudzaona mdzukulu wawo. Atagwila chitseko, chala chinalowa m'thabwa. Chiswe chinali chitadya mkati monse.

"Amake Tisunge, ichi chikutsekela ndani? Nkhuku?"

"Atate ake a mwana akabwela adzakonza."

"Akabwela. Ndiye mpaka abwele uzigona ngati pamsika? Ndikupangila cha chitsulo. Chiswe chikadzaluma chidzathyoke mano."

Ndinaseka, chifukwa atate anali asanawotchelelepo chitsulo chibadwile. Koma maganizowo sanayambe tsiku limenelo. Malaiti anali atafika kwathu chaka chapitacho, ndipo zinkawapweteka kuona njinga yothyoka felemu akuikweza pa motoka kupita nayo ku Petauke. Ankati iwo ali ngati sing'anga wochiza chimfine chokha, wothyoka mwendo n'kumuuza kuti pita kwina. Atakolola nshawa anazigulitsa, anagulitsanso mbuzi ziwili, nati tsopano mashini yowotchelela yotsika mtengo ipezeka.

A Sitali, aphunzitsi ochokela ku Mongu amene ankakonzetsa njinga kwa atate, atamva nkhaniyi anati, "A Sakala, mugule kamashini kakang'ono ka masiku ano. Munthu woyamba kumene sikamuvuta, ndipo sikadya malaiti ambili."

"Inu a kwa mchenga mudziwa chiyani za chitsulo? Kwanu njinga imayenda ikakwela bwato."

"Chabwino, mdala wa mbewa. Koma maso muwasamale."

Ku Petauke ndinapita nawo, Tisunge ali kumbuyo. Tinayamba m'sitolo ya zitsulo. Mai wogulitsa anatitulutsila katoni. M'katimo munali kamashini kofiila, kokhala ndi lamba wopachikila paphewa, kopepuka moti ine ndinakanyamula ndi dzanja limodzi. Munalinso chophimba kumaso cha galasi lakuda, chopatsidwa mwaulele. Atate anakatembenuza uku ndi uku, nakagogoda ndi chala.

"Kakafa, nditsegula pati?"

"Simutsegula, bambo. Mumabwela nako, ife n'kutumiza ku Lusaka."

"Ku Lusaka," anatelo atate, n'kukabwezela m'katoni pang'onopang'ono ngati mwana wa eni.

Kuseli kwa msika kunali a Titus, amene amawotchelela mageti komanso kupanga okha mashini. Mashini yawo inali bokosi la matabwa lopanda chivundikilo. Zonse zinkaoneka: waya wonenepa wa kopa wokulungidwa pa zitsulo, wokutidwa ndi nsalu ndi mapepala a matumba a simenti. Kuti isunthe pankafunika amuna awili. Atate anagwada, nalowetsa dzanja, nasisita wayayo. Ndinaona nkhope yawo n'kudziwa kuti nkhani yatha.

"Mdala, iyi ikapsa mumangomasula waya n'kukulunganso," anatelo a Titus. "Mdzukulu wanu uyu adzaipeza."

Mtengo sunasiyane kwenikweni ndi wa kamashini kofiila kaja. Kusiyana kunali kwakuti iyi inalibe china chilichonse chowonjezela. Ndinafunsa za chophimba kumaso. A Titus anaseka, nagwila magalasi a dzuwa amene anali pachipumi pawo.

"Mlongo, ine zaka khumi ndi awa. Moto ukakulowa m'maso, m'mawa mwake umamva ngati muli mchenga. Si kanthu. Umadula mbatatesi n'kuika pamaso, kudonthezamo mkaka wa m'mawele, masiku awili watha. Ndipo mdala ali ndi mwayi, mankhwala ali nawo pakhomo pomwepo."

Analoza ine ndi mwana. Onse anaseka. Ndimakumbukabe kuti inenso ndinaseka nawo.

Ndalama zimene zinatsala atagula mashiniyo, atate anagulila malodi owotchelela, mapaipi ndi lata lolimba la chitseko. Magalasi a dzuwa anagula kwa munthu wogulitsa pamsewu.

Mashini anaiika pakhonde. Akaiyatsa inkalila ngati njuchi za m'mphako, ndipo babu la kwa anansi linkazilala. Masabata awili oyamba lodi inkangomatila pachitsulo. Ankaikoka, kuitukwana, kuyambanso. Anaphunzilila pa mafelemu akale a njinga, ndipo msoko wawo woyamba amai anati ukuoneka ngati zitosi za nkhuku. Koma atate anali ndi dzanja. Pang'onopang'ono anayamba kumva ndi khutu: lodi ikakhala pamalo pake, motowo umalila mofanana, ngati kapenta m'mafuta otentha. Analumikiza khasu la amai, kenako mpando wa njinga ya a Sitali. Sindinawaonepo akusangalala choncho. Munthu wa imvi ankadumpha ngati wapambana mayeso.

Kawili konse moto unawalowa m'maso. Kawili konseko amai anadula mbatatesi, ine ndinafinyila mkaka m'supuni n'kuwadonthezela, ndipo tsiku lachiwili anali bwino. Zimene ananena a Titus zinachitikadi. Ndicho chinatipusitsa.

Chitseko changa anachiyamba mwezi wa Ogasiti. Felemu inatha, lata analimata hafu, kuyambila pansi. Munthu akawotchelela, pamwamba pa msoko pamatsala makoko akuda olimba, ndipo amawagogoda ndi nyundo kuti aone ngati chitsulo chagwilana. Ndi magalasi akuda aja atate sankaona bwino msoko, choncho pogogoda ankawakweza pachipumi, n'kuwelama pafupi, diso lakumanja lotsinzina monga ankachitila ndi wilo. Tsiku limenelo ndinali kuchapa matewela pafupi. Ndinamva akuti "aa", n'kutikita diso ndi kuseli kwa dzanja. Kenako anapitiliza ntchito mpaka dzuwa kupendeka.

M'mawa mwake maso onse awili anali ofiila, misozi ili chuchuchu.

"Amake Tisunge, bwela ndi mankhwala ako aja. Mdzukulu wanga andibwelekeko."

Ndinawadonthezela. Patapita masiku awili lakumanja linayela, koma lakumanzele linakana. Amai anatsegula chikope n'kupemelela, osaona kanthu. Atate anati ndi mchenga womwe uja, kungoti ulendo uno moto unalowa wambili. Ndinafunsa ngati si bwino kupita kuchipatala, popeza ku Minga ndi pafupi, munthu amangoyenda pansi.

"Ndikawauze chiyani? Kuti mkulu ngati ine ndinayang'ana moto? Titus zaka khumi sanapiteko. Thila."

Ndinathila. M'mawa ndi madzulo, masiku asanu ndi anayi. Mwana akayamwa bele lina, linalo ndinkasungila agogo ake. Ndinkaganiza kuti ndikuchita zabwino, moti mumtima ndinkanyada kuti thupi langa likuchiza atate anga.

Tsiku lakhumi a Sitali anabwela ndi njinga yophwa tayala. Anapeza atate atakhala m'nyumba, kumutu atafunda chitenje cha amai chifukwa kuwala kunkawalasa. Anachotsa chitenjecho, nayang'ana disolo. Pakati pake panali poyela ngati phala, m'mphepete muli mafinya. Sanachite nthabwala tsiku limenelo.

"A Sakala, valani nsapato."

Ku chipatala cha Minga anawaona msanga, natitumiza kwa dokotala wa maso ku Chipata. Kumeneko anatulutsa kachitsulo kochepa kuposa njele ya mawele. Kanali katachita dzimbili m'diso, ndipo chilonda chinali chitalowa mkati. Dokotala anafunsa kuti tinkathilamo chiyani. Ndinamuuza. Sanandikalipile. Anangoti mkaka suchotsa chitsulo, ndipo pachilonda umatha kudyetsa tizilombo. Anatinso tikanabwela tsiku loyamba kapena lachiwili, inali ntchito ya mphindi zochepa. Anayesetsa ndi mankhwala milungu itatu. Diso silinabwelele.

Pobwela m'basi, titadutsa Katete, atate anatembenukila kwa ine. Kenako anati, "Usalile. Supuni unagwila ndiwe, koma pakamwa panali panga."

Anabwelela pansi pa mango paja. Zigamba ankamata bwinobwino. Koma akazunguza wilo, mwachizolowezi ankatsinzina diso lakumanja, n'kupeza mdima wokhawokha. Anayesa kuphunzitsa lakumanjalo, koma ankati ndi diso laulesi, zaka makumi atatu linkagona mnzake akugwila ntchito. Nyundo inayamba kuphonya n'kumenya chala. Wilo lina analibweza kawili kwa mwini wake likuvinabe. Anthu sananene kanthu pamaso pawo. Anangoyamba kupita ndi mawilo kwina, kwa atate n'kumabwela ndi zigamba zokha.

Mashini anaifunditsa thumba. Chitseko chinatsamila khoma la khonde, hafu lata hafu mphepo, mvula yoyamba n'kuchipaka dzimbili. Kunyumba kwanga ndinkatchinga chitseko chakale chija ndi mtondo. Amai ankati tigulitse mashiniyo, yabweletsa tsoka. Atate ankakana.

"Mashini ilibe mlandu. Ndinasankha bwino. Mpaka lelo sinafepo."

"Ingafe bwanji, popeza simuiyatsa?" anatelo amai.



Mu Disembala ndinapita ku Petauke kukagula mbewu. Ndinadutsa pa sitolo ya zitsulo ija, n'kulowa. Mai uja anandikumbuka. Ndinamufunsa ngati chophimba kumaso amagulitsa pachokha. Anati inde, ndipo pali magalasi ena oyela ovala pogogoda makoko. Atanditchulila mtengo ndinakhala pansi pa thumba la simenti, chifukwa zonse ziwili sizinafike pa mtengo wa nkhuku imodzi. Ndinagula.

Nditafika nazo kunyumba atate anazigwila, nasisita galasi lakudalo ndi chala chachikulu.

"Wagulila ndani? Diso latsalali amai ako aliika m'buku la katundu wawo, sandilola."

"Ndagulila ine. Mundiuze pogwila."

 Atate anauza amai kuti atenge mwana apite naye kuseli kwa nyumba, kutali ndi moto. Anavundukula thumba lija, napukuta fumbi pa waya, nayatsa. Njuchi zija zinayambanso kulila. Iwo anakhala pampando atafulatila, nkhope kukhoma.

Lodi inamatila kasanu ndi kawili. Thukuta linkandilowa m'kamwa.

"Wakanikiza kwambili. Si mthiko umenewo. Kanda ngati machesi."

Ndinakanda. Moto unagwila.

"Watalikitsa, ukulila ngati mbuzi. Tsitsa pang'ono. Tsitsanso. Apo. Wamva kapenta? Yenda naye pang'onopang'ono."

Tinatenga masiku anayi, chifukwa malaiti ankapita nthawi zina, mwananso ankafuna bele. Nthawi iliyonse ndikatenga nyundo kuti ndigogode makoko, atate ankamva, n'kufunsa osatembenuka kuti, "Wavala?" Ndinkati ndavala. Ankatambasula dzanja kumbuyo kuti akhudze magalasi pankhope panga.

Chitseko chili panyumba panga tsopano. Aliyense angaone pamene manja anasinthila. Kuyambila pansi kufika pa loko msoko ndi wosalala, wa atate. Kuchokela apo kupita pamwamba ndi zitosi za nkhuku, zanga. A Luckson atabwela pa Khisimasi anati tichipake penti kuti zisaoneke, ine ndinakana.

Atate amabwela m'mawa uliwonse kudzaona Tisunge, amene tsopano akuyenda. Asanalowe amayendetsa dzanja pa msoko wapansi uja, n'kukwela nalo mpaka pa wanga. Dzulo anaima pamenepo nthawi yaitali, mwana akuwakoka buluku.

"Chiswe chalephela," anatelo.

Kenako anatembenuza mutu wonse, monga amachitila masiku ano, kuti amuone mdzukulu wawo amene anaima kumanzele kwawo.