Akhalapansi a pa Benchi Yachitatu

Mayi amene anaikidwa m'manda mwezi watha anabadwa m'banja la mmisiri wa matabwa. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo awo anagwera pa thabwa limene ankapala, osadzukanso. Mlongo wawo anafera pabwalo la mpira. Anthu anati banjalo n'lotembereredwa, ena mpaka kusiya kuwabwereka ndowa.

Iwo anakula akupuma mwawefuwefu akangokwera kamtunda. Anakwatiwa, anabereka mwana mmodzi wamwamuna, ndipo kwa zaka makumi atatu ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa atakhala pa kampando, chifukwa akaimirira nthawi yaitali m'maso munkachita mdima. Mpingo ukaimirira kumva Uthenga Wabwino, iwo ankakhalabe pa benchi yachitatu. Amayi a kwaya anawatcha Akhalapansi. Anthu ankaseka dzinalo atagwada moyang'ana nsalu zimene mayiwo anasita, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti, "Mayi, m'thupi muli bwanji?"

Atakomoka tsiku lina akusita, dokotala anawaunika. Anati mnofu wa mtima wawo ndi wochindikala mopitirira, matenda otengera kwa makolo, ndipo mpweya womwe timapumawu umasiya mu mnofu wotero tinthu toudya pang'onopang'ono ngati dzimbiri pa chitsulo. Anawapatsa mankhwala ndi kalata yoti mwana ndi mdzukulu akayezedwe.

Mwana wawoyo, amene ndi mkulu wa mpingo, anaikwinya kalatayo. "Amayi, kuyezetsa munthu wosadwala n'kukayikira Mulungu. Anthu aziti chiyani?"

"Zaka zonsezi akhala akuti chiyani?" anayankha. "Agogo ako ankapemphera kuposa iwe."

Mkazi wake ankamva ali kuseri kwa chitseko. Anali ataona kale kamtsikana kake kakusiya masewera n'kugwira pachifuwa, koma pakamwa pake panali polemera. Apongozi akewo anatola kalata ija, kuisita bwinobwino, n'kuiika m'buku la mapemphero la mwana wawo. Iye anaikwinyanso. Iwo anaisitanso. Masabata asanu ndi awiri, mpaka pepala linayamba kufiira.

Sabata yachisanu ndi chitatu mayiwo anauza mpongozi wawoyo, "Mveke mwana nsapato, tizipita. Akakwiya akwiyire ine, ndinazolowera." Kuchipatala anapeza kuti kamtsikanako kali nawo matendawo. Kanayamba kulandira chithandizo. Bambo ake anakayezetsa patatha mwezi, osauza munthu.

Mayiwo anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Misa itatha, anthu atatuluka, anawapeza pa benchi yawo, mutu utatsamira khoma, korona ali m'manja. Pa maliro, amayi a kwaya anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo mmodzi anaimirira kuyamikira kupirira kwawo. Mpongozi uja anangoyang'ana pansi. Kupirira chiyani, ngati si oimba omwewo?

Lamlungu lapitali, mpingo utaimirira kumva Uthenga, kamtsikana kaja kanakhala pansi pa benchi yachitatu. Mayi wina wa kwaya anawerama n'kunong'ona, "Imirira iwe, wayamba za agogo ako?"

Mpongoziyo sanayankhepo munthu wamkulu chibadwire. Anamuyang'ana mayiyo m'maso n'kukhala pansi pambali pa mwana wake mpaka Uthenga unatha.