Masitepe a ku Ofesi ya Ziphaso

Anthu amangomutcha Mayi Wamawotchi, poti kwa zaka makumi awiri wakhala akukonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, kagalasi kali padiso. Miyendo yake inafota ndi poliyo ali ndi zaka zisanu, koma manjawo ndi achitsulo. Njinga yake ya olumala amapalasa yekha, ndipo ukangoyerekeza kumukankha osapempha, umva zako.

Chimene chinkamudya mtima ndi ofesi ya ziphaso za malonda. Lamulo linkati mwini chiphaso azikasaina yekha chaka chilichonse, pamene ofesiyo ili pamwamba, masitepe makumi atatu. Ndiye alonda awiri ankamunyamula, wina m'khwapa, wina m'miyendo, ngati thumba la simenti, anthu a pamzere akuonerera. Makalata opempha kuti desiki imodzi yokha itsikire pansi analemba mpaka kutopa. Yankho linali lomwelo: "Mukudandaulanji mayi? Si timakunyamulani mwaulere?" Zamwano zenizeni.

Chaka chatha mlonda wina anaterereka, mayiyo n'kugwa, diresi n'kukwera mpaka m'chiuno pamaso pa mkamwini wake amene anamuperekeza. Wina pamzerepo anaseka. Tsiku limenelo analumbira kuti palibenso dzanja lidzamukhudze.

Tsono chaka chino chiphaso chinali kutha Lachisanu, ndipo wopanda chiphaso amalandidwa zida. Lolemba m'mawa anafika ndi anzake olumala khumi ndi mmodzi. Anandanditsa njinga zawo m'munsi mwa masitepewo, n'kuzimanga pamodzi ndi tcheni. Panalibe woti n'kukwera masitepewo.

Bwana wa ofesiyo anafika atatchena suti, chikwama kumanja.

"Mayi, chotsani zinthu zanuzi. Ine ndikwera bwanji?"

"Musadandaule bwana," anatero mayiyo, mtima ukuwira koma mawu ali phee. "Alonda, anyamuleni abwanawa muwadutsitse. Wina m'khwapa, wina m'miyendo. Ndi zauleretu."

Palibe amene anaseka. Bwanayo anayang'ana alonda, n'kuyang'ana khamu limene linali litadzaza pakhomo, n'kugwira suti yake ngati akuopa kuti ikwera. Kenaka ananong'oneza mlonda mmodzi.

Tcheni chitamasulidwa pang'ono, alondawo anakwera n'kutsika ndi desiki, buku ndi chidindo. Mayiyo anali akuyang'ana wotchi yake.

"Mphindi zinayi," anatero akusaina. "Mwandinyamula zaka makumi awiri kuopa ntchito ya mphindi zinayi."