Mphemvu za a Msowoya

A Greyson Msowoya anagwira umesenjala ku Capital Hill zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kwawo kunali ku Rumphi, koma ku Kawale kuno anakhalitsa mpaka ana awo Chitumbuka ankangochimva ngati wailesi ya kwa aneba. Mu 1995 boma litayamba kuchepetsa antchito, dzina lawo linatuluka pa mndandanda woyamba. Iwo sanavomere. M'mawa uliwonse ankamanga tayi n'kukhala pakhonde ndi nyuzi ya sabata yatha, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti ali pa tchuthi.

Tchuthicho chinafika miyezi isanu ndi iwiri. Pakhomo pankadalira mandazi amene mkazi wawo, a NyaGondwe, ankagulitsa pa siteji ya minibasi.

Mwayi unawapeza pa bawo. Tsiku lina Loweruka masana panabwera Abasi, khuku wa ku Biwi amene ankaphikira mzungu wina ku Area 10, ndipo anafika ali ndi madandaulo.

"Bwana wanga mutu sukuyenda," anatero Abasi. "Anzake amaweta agalu. Iye wasunga abilimankhwe asanu ndi awiri m'mabokosi agalasi pabalaza, aliyense ndi dzina lake. Ndipo zinthuzo sizidya chakufa. Ine khuku wathunthu, amandituma kukathamangitsana ndi ziwala kuseri kwa mpanda!"

Tonse tinaseka. A Msowoya anafunsa nambala ya nyumba.

Lolemba anapita, ndipo anabwerako ndi buku la zithunzi, botolo la mphemvu zambewu, ndi lamulo limodzi la mzunguyo: asadzabweretse mphemvu za m'chimbudzi kapena zopoperedwa mankhwala. Ankafuna zoweta, zodya bwino, chifukwa chimene kachilombo kadya ndi chimene bilimankhwe adzadye.

Analanda kachipinda kamene a NyaGondwe ankasungiramo ufa. Anaikamo migolo itatu yodula pakati, m'kati mwake n'kusanja matileyi a mazira kuti mphemvu zizibisalamo. M'milomo mwa migolo ankapakamo vaselini kuti zikafuna kuthawa ziziterereka. Madzi ankazipatsa pa thonje lonyowa poopa kuti zingamire. Chakudya chinali gaga, makoko a nthochi, kaloti wopala ndi zibenthu za malalanje. Ziwala anazimangira khola la sefa kuseri kwa nyumba, ndi mbale ya mchenga yoikiramo mazira, ndipo m'mamawa uliwonse ankatsika kudambo kukazidulira udzu wauwisi.

"A Msowoya," anatero a NyaGondwe tsiku lina atawapeza akusenda lalanje, "ana anu lalanje analilawa liti?"

"Ana sabweretsa kanthu Lachisanu, mayi. Izi zimabweretsa."

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikupha mphemvu ndi silipasi m'nyumba muno. Lero mwazipatsa chipinda."

"Zimene mumaphazo ndi mphemvu wamba. Izi ndi za kontirakiti."

Lachisanu lililonse ankakwera minibasi atafungatira katoni yobowola timabowo. Kondakitala akafunsa chomwe chikukwakwaza m'katimo, ankamuyankha kuti ndi zipangizo za ku labotale. Kutchalitchi anauza anthu kuti tsopano alowa ulimi wa ziweto.

A Gilford Nyirenda, mkulu wa mpingo wa dera lathu, anali atasiya kuwapatsa moni ntchito itangotha. Atamva za ziweto anawasakasaka pambuyo pa mapemphero.

"Zilipo zingati, abambo Msowoya?"

"Zapitirira zikwi ziwiri. Ndipo zikuswana."

A Nyirenda anawagwira chanza ndi manja awiri. Sabata yomweyo analengeza kuti mapemphero a Lachitatu akachitikira kwa a Msowoya, kukathokoza Mulungu chifukwa cha madalitso a m'bale wathu. Panabwera anthu makumi awiri ndi mphambu, ambiri a iwo osadya nkhomaliro, pakuti onse ankaganiza kuti ziwetozo ndi nkhuku, ndipo mwini nkhuku zikwi ziwiri sangalandire alendo ndi tiyi yekha.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyumbayo inali ya malata opanda siling'i. Vaselini wa m'milomo mwa migolo anasungunuka n'kuyenderera pansi. Palibe amene anadziwa, chifukwa tonse tinali titatsinzina pabalaza a Nyirenda akupemphera. Pemphero lawo linkadziwika: ankayambira kwa Adamu, ndipo pofika kwa atumwi miyendo inkakhala itachita dzanzi.

Anali atangowolotsa ana a Israyeli pa nyanja pamene mayi wina anakuwa. Titatsegula maso tinaona pansi pakuyenda. Zinkatulukira kunsi kwa chitseko cha kachipinda kaja, zonenepa, zonyezimira, zikukwera m'miyendo ya mipando, m'zitenje, m'mabuku a nyimbo. A Nyirenda anayesa kupitiriza, koma zina zinali zitalowa kale m'thalauzi. Kwa nthawi yoyamba chibatizidwire, anati ameni asanafike kwa aneneri.

Ndipo pakati pa chipwirikiti chonsecho panamveka mawu a mwini nyumba, atagwada pansi ndi chitini m'manja.

"Musaponde! Chonde musaponde, zili ndi mazira!"

Mawu amenewo ndi amene anawaphetsa. Dzuwa lisanalowe Kawale yense, mpaka ku Chilinde, anali atamva kuti a Msowoya anakhwimira mphemvu. Pa siteji anthu anayamba kung'amba mandazi a NyaGondwe pakati asanawadye, kenako anangosiya kugula. Mayiyo anabwerera kunyumba ndi dengu lodzaza masiku anayi otsatizana, ndipo tsiku lotsatira sanakazingenso.

Akulu a mpingo anaitana a Msowoya kuti akafotokoze za chizimbacho. Iwo anapita ndi kalata ya mzungu uja, yotayipa, ya Chingerezi, yokhala ndi chidindo. Akuluwo anaipatsirana mmodzimmodzi. Ataona siginecha ya mzungu, ufiti unathera pomwepo. Potuluka, a Nyirenda anawatsatira mpaka pachipata.

"Abambo Msowoya," ananong'oneza, "kwathu kuseri kwa kabati ziliko zambiri, zathanzi ndithu. Bwanayo salandira za anthu ena?"

Kuyambira pamenepo anthu omwe aja ankabwera m'mamawa ndi mabotolo obisa m'zitenje. A Msowoya ankavala mandala, kukweza botolo kudzuwa, n'kulibweza.

"Izi ndi zosaphunzira," ankatero. Zaka ziwiri zimenezo ndi zimene anayenda chodzikweza kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wawo.

Mu 1997 ntchito ya mzungu inatha ndipo anaitana antchito ake onse kuti atsanzikane. Abasi anapatsidwa firiji. Mlonda anapatsidwa njinga. A Msowoya anaimirira komalizira atavala jekete, akuyang'ana cham'mbali wailesi yaikulu imene inali pashelefu. Mzunguyo anawakumbatira misozi ili mbwembwembwe.

"Inu nokha ndi amene mumawamvetsa," anatero.

Madzulo ake galimoto inatsitsa mabokosi agalasi pakhomo pawo. Abilimankhwe onse asanu ndi awiri.

Ku Kawale munthu akaona bilimankhwe amasintha njira, ndiye alendo anatha pakhomopo ngakhale obwereka mchere. A Msowoya anazungulira Area 10 ndi Area 43 kugogoda m'mageti kufunsa ngati kuli mzungu wina wofuna abilimankhwe. Agalu okha ndi amene anawayankha. Anatsala ndi mphemvu zikwizikwi, khola la ziwala, ndi makasitomala asanu ndi awiri okhala pabalaza pawo, odya tsiku ndi tsiku osalipira.

A NyaGondwe anapirira sabata zitatu. M'mawa wina mwamuna wawo ali kudambo, analowa m'khola la ziwala ndi beseni. Anazikazinga ndi mchere ndi tsabola n'kukakhala nazo pafupi ndi thaveni. Sinali nyengo ya ziwala, ndipo beseni linatha ola lisanakwane.

A Msowoya sanawalankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu anadzuka n'kupita kukadula udzu monga mwa masiku onse, kungoti tsopano a NyaGondwe ndiwo ankanena kuchuluka kwake. Mphemvu zinayamba kudyedwa ndi nkhuku zimene mayiyo anagula. Malalanje analetsedwa.

Abilimankhwe anafa mmodzimmodzi ndi ukalamba, womaliza mu 1999, ndipo a Msowoya ankawakwirira okha kuseri kwa nyumba, aliyense kumutchula dzina. Ziwala za a NyaGondwe zinatchuka mpaka ku Biwi, koma mwamuna wawo sanalaweko ngakhale chimodzi. Ankati sangadye chinthu chimene anachiona chikubadwa.