Abambo Anapha Njati Pakhonde

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, kalasi imene ndinalekezera sukulu. Tinkakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina ku Old Town. Abambo ankagwira ntchito yophika kwa mzungu ku Area 3. Ankanyamuka m'mamawa kuwoloka mlatho wa Lilongwe, n'kubwera dzuwa litapendeka, malaya awo akununkha anyezi ndi sopo wotsukira mbale.

Nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe wayilesi ya kanema. Koma mzunguyo anali ndi vidiyo, ndipo ana ake ankakonda kuonera resilini, masewera aja a zimphona zogwetsana m'bwalo la zingwe. Abambo ankaonera ali chiimire pakhomo la khitchini, kansalu kopukutira mbale kali paphewa. Akamafika kwathu, ankapeza amuna a mumzere mwathu atakhala kale pakhonde la a Chikopa, atelala, kudikira kuti amve zimene zachitika tsiku limenelo.

Panalibe ndi mmodzi yemwe pakhondepo amene anaonapo resilini ndi maso ake. Koma mukanamva mmene ankatsutsirana, mukanayesa kuti anthu ogwetsanawo ndi abale awo. Masiku amenewo munthu sunkayerekeza kukamba za boma pagulu, chifukwa sunkadziwa mtima wa amene wakhala naye pafupi. Ndiye ukali wonse umene amunawo ankasunga m'zifuwa unkathera pa resilini.

Abambo sankamva Chizungu chothamanga cha mu vidiyo, choncho mayina a anthuwo anawapatsa okha. Panali Njati, chimunthu chandevu chopanda khosi, ndi Wachigoba, amene ankabisa nkhope yake m'nsalu yakuda. Che Musa, amene ankakhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa msika, ankakonda Njati ndi mtima wonse. Abambo anali atawauza kuti Njati samwa mowa, ndiponso kuti akalandira malipiro amayamba wakumbuka mayi ake amasiye. A Chikopa iwo anali kumbali ya Wachigoba.

"Munthu wanuyo ndi mbava," ankatero Che Musa. "Munthu wabwino amabisa nkhope? Refu ujanso anadya, n'chifukwa chake amayang'ana kumbali mnzake akamamenyedwa ndi mpando."

"Mpando ndi nzeru, Che Musa," ankayankha a Chikopa, phazi likupalasa mashini. "Njati wanuyo thupi lokha. Mutu uja ndi chidebe chobooka, ngakhale inu simungachimate."

Anthu ankaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkakhala patali pang'ono, mlongo wanga wamng'ono ali kumbuyo, ndikunyadira kuti amuna onsewo akuyang'ana pakamwa pa abambo anga.

Tsiku lina abambo anafika nkhope ili pansi. Anakhala pabenchi osapereka moni, kenako anati Njati wamwalira. Ananena kuti anakwera pamwamba pa zingwe kuti alumphe, ndiye Wachigoba anamukankha, nagwa chamutu n'kuthyoka khosi. A Chikopa anaimitsa mashini. "Ine sindinafune kuti zifike pamenepo," anatero ndi mawu otsika. Che Musa anavula kofiya yawo n'kumangoitembenuza m'manja. M'mawa mwake ndikupita kusukulu sindinamve nyundo yawo ikulira kuseri kwa msika.

Patchuthi chotsatira, mayi amene ankathandiza m'nyumba ya mzungu uja anadwala, ndipo abambo ananditenga kuti ndizikatsuka mbale. Ndinasangalala, podziwa kuti nanenso ndikaona resilini. Tsiku loyamba masana, ana aja anaika tepi mu deki, ine n'kusuzumira ndili kuseri kwa abambo. Ndinamuona Wachigoba. Ndinamuona Njati akukwera pazingwe, atatambasula manja. Pomwepo chithunzi chinasanduka mizeremizere, phokoso lili phwee ngati mvula ya pamalata. Chithunzi chitabwerera, m'bwalomo munali anthu ena.

Mawa lake anaika tepi yomweyo. Mkuja tepi yomweyonso. Ndikupukuta patebulo ndinaiona bwino: inali imodzi yokha, yakale, ndipo pamalo ena inali yolumikiza ndi selotepi. Masewera anali omwewo, kugwa komweko, ndi mizeremizere ija pamalo omwewo. Koma madzulo aliwonse pakhonde la a Chikopa abambo ankafotokoza nkhondo yatsopano. Ankanena za mng'ono wake wa Njati amene walumbira kuti adzalipsira, za lamba wa ukatswiri amene wabedwa, za refu amene wachotsedwa ntchito. Zonsezo ine sindinazione.

Tsiku lina tikuwoloka mlatho, abambo anandigulira chimanga chootcha, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Ndikudya, anati, osandiyang'ana, "Esime, za kuntchito ndi za kuntchito."

"Inde abambo," ndinayankha. 

Kuyambira pamenepo ndinasowa mtendere. Ndine munthu wamanyazi chibadwire. Ndinayamba kulambalala khonde lija, ndikumadzera kanjira ka m'mbali mwa ngalande ngakhale kanali konunkha. Komabe tsiku lina Che Musa anandipeza pampopi.

"Iwe mwana, paja unapitako kwa azungu kuja. Tandiuza, maliro a Njati anaonetsa? Mayi ake analipo?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Madzi anadzaza m'ndowa n'kuyamba kutayika, ine osatseka mpopi. "Ine ndinkatsuka mbale," ndinatero. Sindinaname, koma zoona sindinanene. Ndinkaopa kunamiza munthu wamkulu wokoma mtima chotero, komanso ndinkaopa kwambiri kuti tsiku lina anthu adzaseka abambo anga pamaso panga.

Chimene ndinkaopacho chinabwera ndi Jemusi, mphwake wa a Chikopa. Mnyamatayo anali atamaliza Folomu 4 n'kukagwira ntchito ku Joni, ndipo anabwerako ndi deki, kanema ndi chikwama cha matepi. Anachita lendi chipinda kuseri kwa msika, naikamo mabenchi, natchinga mawindo ndi masaka. Pakhomo anaimika bolodi lolembedwa ndi choko kuti Loweruka masana kuli resilini.

Pakhonde panali chisangalalo ngati kukubwera ukwati. Amunawo anagwirizana kuti apite onse, ndipo abambo akakhale kutsogolo kuti azikawalozera anthuwo. "Loweruka ndiye tikamuona wakupha mnzakeyo," anatero Che Musa. "Ndikamulavulira pagalasi pomwepo." Abambo anaseka nawo n'kuvomera. Koma sabata imeneyo ankangotola chakudya pang'ono n'kusamba m'manja. Amayi anawafunsa ngati akumva malungo, iwo anati ndi kutopa chabe. Ine ndinkapemphera mumtima kuti Loweruka magetsi azime, kapena deki ya Jemusi ipse, kapena kugwe chimvula choti munthu asatuluke.

Loweruka kunacha bwinobwino, dzuwa lili phwee. Amayi, amene sankadziwa kanthu, anakazinga mtedza n'kundituma kuti ndikagulitse pakhomo la vidiyo, poti kukhala anthu ambiri. Ana aakazi sitinkalowa m'malo otero, choncho ndinaima panja ndi beseni langa pafupi ndi windo limene saka lake linali long'ambika. M'katimo munkatuluka mpweya wotentha wa thukuta ndi fodya. Ndinawaona abambo pabenchi lakutsogolo, atavala malaya awo oyera opitira kutchalitchi, Che Musa mbali iyi, a Chikopa mbali inayo.

Oyamba kugwetsana anali anthu achilendo. Ndinamva abambo akuti, "Awa ndi atsopano, angoyamba kumene." Palibe anatsutsa. Ndinapuma pang'ono, n'kuyamba kuganiza kuti mwina tepi yonse ndi ya anthu achilendo. Ndinagulitsa mtedza kwa anyamata angapo.

Kenako munalira nyimbo yaphokoso, chinsalu chinatseguka, ndipo anatulukira Njati. Anali wamoyo, wonenepa kuposa kale, lamba wonyezimira ali paphewa. Pambali pake pankayenda Wachigoba. Atafika m'bwalo anagundana m'manja n'kukumbatirana, chifukwa tsiku limenelo anali mbali imodzi, akulimbana ndi anthu ena awiri.

Che Musa anadzambatuka. "Ali moyo! Alhamdulillah, mwana uja ali moyo!" Anafuula chotero manja ali m'mwamba, kenako manjawo anatsika pang'onopang'ono. Anatembenuka n'kuwayang'ana abambo.

"Jemusi!" anaitana a Chikopa. "Tepi imeneyi ndi yakale eti? Ndi ya asanamwalire?"

"Amwalire ndani, amalume? Iyi ndi ya chaka chino," anayankha Jemusi. "Uyu sanafepo. Anthu awa amachita kupangana, akatuluka apa amakadyera limodzi. Kodi akuluwa amakuuzani zotani pakhonde paja?"

Anyamata a kumbuyo anayamba kuseka, ndipo kuseka kuja kunayenda benchi ndi benchi mpaka kutsogolo. Wina anakuwa kuti, "Auzeni adzutsenso agogo anga!" Abambo anaimirira. Anayenda chowerama kuti asatchinge chithunzi, ulemu umene anazolowera kuntchito, n'kutulukira panja, maso akuphethira ndi dzuwa. Atandiona anaima.  Ananyamula beseni langa la mtedza n'kuligwira m'manja, ndipo tinadutsa pakati pa msika, bambo wamkulu wa malaya oyera atanyamula beseni la mwana wamkazi, ine ndikutsatira pambuyo. Tinadzera kanjira ka kungalande.

Masiku otsatira anali olemera. Abambo akaweruka ankalowa m'nyumba n'kukhala pampando, chitseko chili chotseka. A Chikopa anawapatsa dzina loti a Nthano, ndipo dzinalo linafalikira mumzere monse. Pampopi ana anzanga ankandifunsa kuti, "Lero kwanu kwafa ndani?" Ndinkatunga madzi mofulumira, ndowa osadzaza.

Lamulungu lina masana Che Musa anaodira pakhomo pathu. Ndinkayesa abwera kudzakalipa. Amayi anawapatsa mpando panja, abambo anatuluka, ine ndinakhala kuseri kwa chitseko. Anapatsana moni.

"Achimwene," anayamba Che Musa, "ine munthu uja ndinamulira. Ndinauza ndi akazi anga omwe kuti kwagwa zovuta. Munamuphera chiyani?"

Abambo anapukuta nkhope ndi dzanja. "Tepi inali imodzi yokha, Che Musa. Deki inaitafuna pamene iye anakwera pazingwe, ndiye mathero ake sindinawaonenso. Inu tsiku ndi tsiku munkafunsa za iye. Ndinasowa pomuika."

"Nanga za mayi ake amasiye zija? Zosamwa mowa zija?"

"Zanga zomwe."

Che Musa anapukusa mutu, ndipo ndinaona ngati akufuna kuseka koma mtima ukukana. "Mukanangonena kuti lero kulibe chatsopano, ife tikanakhala pomwepo n'kumakamba za mitengo ya malata. Kapena mukanati iyi ndi nthano, tikanamvetserabe, pajatu pakamwa mumatha. Koma mwatisandutsa ana pamaso pa ana athu."

"Kuntchito kuja," anatero abambo, "kuyambira m'mawa mpaka madzulo mawu anga ndi yesi bwana basi. Ndikafika pakhonde paja, anthu n'kundisendera malo..." Sanamalize. Che Musa sanawakakamize.

Che Musa anawakhululukira, ndipo nthawi zina ankabwera ndi bawo kudzasewera nawo pakhomo pathu. Koma a Chikopa sanasiye kuwatcha a Nthano, ndipo abambo sanakhalenso pakhonde lija. Amuna aja anapitiriza kutsutsana za resilini, tsopano akuonera okha kwa Jemusi, ena akuti n'zenizeni, ena akuti n'zopangana. Abambo akamva phokoso lawo ankangokweza wayilesi. Ngakhale atanena zoona, monga tsiku lija anauza anthu kuti mtsinje wadzaza mpaka kufika m'minda ya m'mbali, anthu ankayamba afunsa wina kaye. Mzungu uja atabwerera kwawo, abambo sanafunenso ntchito ina m'tauni. Tinasamukira kumudzi kwathu ku Nathenje.

Lero ndili ndi ana anga awiri aang'ono, ndipo manyazi aja sanandichoke. Ndikakhala pamzere kusikelo, amayi anzanga sachedwa kuiwala kuti ndilipo. Koma nthawi zina wina amandifunsa kanthu, onse n'kutembenukira kwa ine, ndipo pamenepo ndimamva kukoma kumene abambo ankamva. Lilime limafuna kuwonjezera pang'ono kuti maso awo asachoke msanga. Ndiye sindiwaweruza abambo, chifukwa njala yofuna kumvedwa ndikuidziwa. Chimene ndimachita n'kumeza malovu n'kunena kuti, "Pepani, zimenezo sindikuzidziwa." Amayi aja amatembenukira kwina, ine nkhope imatentha. Koma manyazi amenewo amatha ndisanafike kunyumba. Aja a abambo anawaperekeza mpaka kumudzi.