Mazira a Amayi ndi Chigudumu cha Pabwalo

Linali Loweruka lachiwiri la Ogasiti, chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, ndipo m'mawa umenewo ndinkachapa zitenje za amayi kuseri kwa nyumba. Ndikudziwa chifukwa ndinalemba. Ndinali ndi kope limene ndinkaikamo zonse zimene pakamwa panga pankalephera kunena, ndipo zinali zambiri.

Tinkakhala m'nyumba za antchito pa esiteti ya mphira. Bambo ankacheka mitengo, kulawira ndi kampeni kawo ndi ndowa ya utomoni. Kwathu kwenikweni n'ku Mulanje. Amayi anakulira m'mbali mwa phiri, kumene ukangotuluka pakhomo dziko lonse limakhala kunsi kwa mapazi ako. Kuno kunali mizere ya mitengo basi. Chifuwa chitawagoneka pamphasa miyezi itatu, ankakonda kunena kuti, "Kuno kumwamba kulibe, mwanawe. Kuli masamba okhaokha."

Sabata imeneyo pabwalo la mpira, pafupi ndi msewu wa ku Chintheche, panabwera chigudumu. Anachipanga ndi bambo wina wachikulire wa ku Bandawe, amene anakhalitsa ku Joni akuwotcherera zitsulo. Chinali ndi mipando isanu ndi umodzi yolendewera, ndipo amuna awiri ankachipukusa ndi manja. Anzanga a kusukulu ankati mpando ukafika pamwamba umaposa mitengo ya mango, nyanja yonse n'kuonekera mpaka ku Likoma. Kukwera kunali matambala khumi.

Ndinawafotokozera amayi kuti angoseka. Sanaseke. Anandiuza kuti nditenge mazira amene anali m'nsengwa ndikagulitse kwa akazi a kapitawo. Anali mazira amene kuchipatala anati amayi azidya kuti thupi libwerere.

"Amayi, ndi anu aja."

"Andikola. Pita ukakwere, ukayang'anitsitse. Usakatseke maso ngati mmene umachitira pamlatho. Ukabwere udzandiuze chimodzichimodzi."

Ndinafika pabwalo dzuwa lili pamutu, ndalama ndazimanga pangodya ya mpango. Mwini chigudumu anakhala pansi pa kachisakasa ka udzu akung'amba matikiti m'kope lakale. Pamtengo wa kachisakasako anakhomapo chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, monga zinkakhalira paliponse pogulitsira zinthu. Lamulo tonse tinkalidziwa: palibe chinthu, kaya wotchi kaya kalendala, choyenera kukhala pamwamba pa chithunzicho. Mkuluyo anachikhoma bwino ndithu, pamwamba pa zonse za m'kachisakasa.

Ndinapereka ndalama ndi manja awiri. Anathokoza kuti, "Yewo, mama," n'kundipatsa kapepala. Anandikhazika ndi mayi wina wonenepa wogulitsa usipa, amene ankaseka tisanasunthe n'komwe. Chifukwa ankakweza anthu mpando umodzi umodzi, wathu unakwera pang'ono n'kuima. Ndinali pamsinkhu wa denga la nyumba. Ndinaona mitu ya anthu, mpando wa njinga, ndi galu atagona pagolo. Ndinayamba kuloweza zimenezo ndikudikira zazikulu.

Pamenepo m'pamene anafika anyamata atatu a malaya ofiira, a chipani. Wamkulu wawo anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana ife, n'kuyang'ananso chithunzi.

"Madala, imitsani. Mapazi a ana awa ali pati?"

"Ali pampando, a tcheyamani."

"Ali pamwamba pa ndani?"

Mayi wa usipa uja anapinda miyendo n'kuikoka, ngati kuti zimenezo zingathandize. Inenso ndinakoka yanga. Ndinalibe nsapato, ndipo ndinachita manyazi ndi fumbi la kumapazi kwanga.

Mwini chigudumu anavula chipewa. Anati achotsa chithunzicho achiike m'thumba mwaulemu. Mnyamatayo anati, "Ndiye kuti mugulitse popanda chithunzi? Mwatopa nawo mtendere?" Wina pagulu, pofuna kuthandiza, anati achimangirire pansonga pa chigudumu. Mmodzi wa opukusa anayankha chapansipansi kuti, "Ada, chikazungulira afika pansi chadodolido." Panalibe amene anaseka, ngakhale ndinaona mapewa a anthu akugwedezeka. Anagwirizana kuti pafunika mtengo wautali kuposa chigudumu wokhomapo chithunzicho. Anthu anathamanga kukafuna nsungwi, koma yaitali yonse inafika pakati basi.

Anatitsitsa chobwerera m'mbuyo. Pamwamba sindinafikepo.

Ena anaunjikana kufuna ndalama zawo. Ine ndinaima kumbuyo kapepala kali m'manja, ndikubwereza mumtima mawu oti ndikanene. Ndisanalimbe mtima, anyamata aja anatenga chitini cha ndalama pamodzi ndi mwini wake, akuti akafotokoze kuofesi. Amuna awiri aja anayamba kumasula mipando. Ndinakhala kufikira mpando womaliza utagona paudzu, ngati kuti wina angandiitane.

Pobwerera ndinayesa kukwera chulu cha m'mbali mwa njira. Ndinaona mitengo ya mphira, ndi makapu ake a utomoni olendewera.

Ndinapeza amayi ali m'tulo, dzuwa likadalipo. Milomo yawo inali youma, dzanja lili panja pa bulangete, lopyapyala ngati la mwana. Nsengwa ya mazira inali pomwe ndinaisiya, yopanda kanthu. Bambo anali asanabwere ku msonkhano wa kumpingo. Ndinakhala pakhonde n'kutsegula kope. Kapepala kaja ndinakamata ndi utomoni umene ndinapala m'ndowa ya bambo, ndipo mpaka lero kadakalipo, kasanduka kakuda m'mbali.

Ndinalemba zonse monga zinachitikira, za chithunzi, za nsungwi, za chitini. Nditawerenga ndinachita mantha. Kope limatha kugwa m'chikwama kusukulu, ndipo bambo ntchito yawo inali imodzi yomweyo. Ndinang'amba tsambalo n'kuliponya pamoto. Pansi pa kapepala ndinangolemba funso limene aphunzitsi a masamu akanalikonda: mazira asanu, kugula kukwera mpaka padenga. Kodi wogulayo wapindula? Yankho sindinalembe.

Amayi anatsokomola m'nyumba, nthawi yaitali, kenako anaitana ndi mawu otsika.

"Wabwera? Unaona?"

"Gonani, amayi. Ndi zambiri. Ndidzakuuzani mawa mutadya."

"Nyanja inaoneka?"

Anagonanso ndisanayankhe.

Ndinali ndisanawanamizepo amayi. Ndinkadziwanso, monga mwana amadziwira zinthu zimene akulu akubisa, kuti ku Mulanje sadzabwererako, ndipo chigudumu china sichidzabwera. Ndinatsegula tsamba latsopano n'kuyamba kukonza mosamala, kuti ndisadzasokoneze: nyanja yobiriwira kufupi, yakuda kutali. Mabwato ang'onoang'ono ngati makoko a mtedza. Denga la tchalitchi likung'anima. Msewu wofiira ukulowera kummwera. Mitengo ya mphira ili pansi, yaifupi ngati udzu, ndipo kumwamba kuli mbee mbali zonse. Ndinafufuta Likoma, poopa kuti angandifunse maonekedwe ake.

Pansi penipeni ndinalemba kuti: mawa ndikawaphikira phala, ndidzakhala pamphasa pawo ndi kuwauza zonsezi chimodzichimodzi, osayang'ana pansi.