Zigoba za nkhono pa thandala

Zigoba za nkhono zija ndinkazisunga m'kachitini ka mkaka. Ndinkazitola kugombe ku Nkhudzi, zoyera mkati ngati mbale yatsopano. Chaka chimene achemwali anali Folomu 4, m'nyengo ya mwera, anandibwereka zonse. Ine ndinali ndidakali mwana wa Sitandade 3.

Mwera ukalimba asodzi salowa m'nyanja, choncho thandala la amayi loyanikapo usipa linkakhala theka lopanda kanthu. Achemwali analisandutsa tebulo. Kusukulu ankaphunzira sewero lakale la azungu, la munthu wina amene anakhala mfumu, nayamba kuopa aliyense, mpaka anafa wopanda womulira. Aphunzitsi anawapatsa mitu iwiri yoti asankhepo umodzi, alembepo chimangirizo chokonzekera mayeso. Wina unkafunsa mmene mfumuyo inapezera mphamvu. Wina unkafunsa kuti mphamvuzo zinali m'manja mwa yani kwenikweni. Aphunzitsi anawalangiza kuti atenge woyambawo, akuti njira yake inali yopondedwa kale. Achemwali anatenga wachiwiri. Ndi munthu wotero mpaka lero.

Anang'amba mapepala tizidutswatizidutswa, kalikonse mfundo yake. Ntchito yanga inali yoika chigoba pa kapepala kalikonse kuti mphepo isatenge. Akasuntha mfundo, ine ndinkasuntha chigoba. Zala zinkazizira, mchenga unkalowa m'maso, ndipo mapepala onse ananunkha nsomba. Tsiku lina kamodzi kanauluka n'kukagwera m'mabango, ndinalandira khofi la pamutu. Achemwali ankangobwereza mawu a aphunzitsi: mfundo iliyonse ibwere ndi mboni yake ya m'buku, ndipo yolemera ikhale kumapeto.

Vuto linali loti sankadziwa yolemerayo. Anayamba ndi lupanga la mfumu, analichotsa. Anaika mantha kumapeto, mawa lake anawabweza pakati. Timapepala tokanidwa amayi ankayatsira moto, osadziwa n'komwe zolembedwapo, poti sanapite kusukulu.

Nthawi yomweyo panali nkhani ina pakhomo. Amalume anali atavomera mawu ofunsira achemwali ukwati, ochokera ku banja lina lomwe mwana wawo ankagwira ntchito ku Joni. Mnyamatayo anabwera kutchuthi, ndipo ankafuna abwerere ali ndi mkazi, mayeso asanafike. Kwathu mwini mbumba ndi amalume, bambo amangouzidwa. Amayi anamvetsera atagwada, n'kuyankha kuti, "Chabwino, achimwene." Achemwali sanadye madzulo amenewo. Kutacha anali pa thandala.

Mfundo yomaliza anaipeza masana ena, dzuwa lilipo koma losatentha. Anali ndi chizolowezi choyamba kuinena m'Chichewa, kuti amve ngati ili ndi nzeru, asanailembe m'Chingerezi. Anandiyang'ana ine ngati ndine aphunzitsi.

"Mfumu ilibe manja, iwe. Imangolamula. Wonyamula uthenga akachedwa, wotsegula chitseko akataya kiyi, lamulo limatsala mawu chabe. Anthu aja sanaitsutse. Anangoyamba kuchedwa."

Ndinaikapo chigoba chachikulu kuposa zonse. Amayi anali kumapeto kwa thandala, akutembenuza usipa ndi chikhatho. Sanadzutse mutu. Ndaganizirapo zaka zambiri, makamaka pano pamene ndili ndi wanga kumsana, koma sindidziwa ngati amayi anaphunzira kwa achemwali tsiku limenelo, kapena achemwali anangolemba zimene ankaona pakhomo chibadwire.

Ankhoswe a mnyamata uja anabwera Loweruka. Amalume analamula mpunga ndi tambala wofiira, ndipo anati amuchinja okha, poti nkhuku ya alendo achisilamu sachinja munthu wamba. Ananola mpeni pamwala. Koma khola linapezeka lotsegula kuyambira m'mawa, tambala kulibe. Amayi anazungulira nyumba pang'onopang'ono, akuitana nkhuku ndi mawu otsika ngati akuopa kuidzutsa.

Ine ndinathamanga ndi mtima wonse. Tambalayo ndinamupirikitsa pansi pa matandala a eni ake, kuseri kwa mabwato, mpaka m'minga. Ndinabwera naye nditamukumbatira, mwendo ukuchucha magazi, ndikudikira kuyamikiridwa.

Amayi anamulandira, anamuuzira nthenga, anamutsegula mlomo n'kusuzumiramo.

"Ali ndi chitopa uyu, achimwene. Alendo tiwadyetse matenda?"

Anamuponya pansi, ndipo podutsa ananditsina khutu, osandiyang'ana.

Nkhuni nazo tsiku limenelo zinangofuka utsi. Mpunga unapsa dzuwa litapendeka, ndiwo zake usipa wootcha. Amalume anachita manyazi, anati nkhani yaikulu chonchi sangaikambe pa usipa, alendo adzabwerenso. Ulendo wachiwiri amayi anagona ndi mutu. Wachitatu sunachitike: tchuthi cha mnyamata chinatha, anakwera basi yekha, ndipo achemwali analowa m'mayeso. Chimangirizo chija aphunzitsi anachibweza atalemba kuti mfundo zili bwino koma mawu oyamba ndi aatali. Pano achemwali amaphunzitsa ku Katuli. Ine ndinalekeza Sitandade 7, pa zifukwa zina, amayi kulibe.

Zigoba zanga achemwali anandibwezera, chachikulu chija chitabenthuka. Koma chimene chinandivuta nyengo yonseyo chinali tambala. Kutacha Lamulungu, mawa lake la ulendo woyamba uja, analira pa denga la khola ndi mawu ake onse, akukupiza mapiko. Ndinakhala pakhonde ndikuchotsa munga kuphazi, ndikudabwa kuti amayi, amene ankadziwa usipa wovunda ali patali, analephera bwanji kuona kuti nkhuku ija inali bwinobwino.